Masewera ndi Matenda a Maganizo: Zimene Zinaoneka M'mayunivesite pa Nthawi ya Covid-19

Belu la masewera likalira madzulo, makamaka mayeso a Fomu 4 akayandikira, pamakhala anyamata ena amene amapita ku bwalo chokoka miyendo. Mumtima mwao amati, "Nthawi imeneyi ndikadawerenga masamba khumi." Makolo enanso akaona mwana wabwera ku tchuthi ndi bondo lotupa chifukwa cha mpira, amafunsa ngati fizi imene amaivutikirayo ndi ya mpira kapena ya maphunziro. Mafunso amenewa si opusa ai, ndipo ayenera kuyankhidwa ndi umboni. Umboniwo ulipo tsopano, ngakhale kuti unabwera mwa njira yowawa. M'chaka cha 2020 mabwalo a masewera anatsekedwa pafupifupi pa dziko lonse lapansi, ophunzira a m'mayunivesite anabindikira m'nyumba miyezi yambiri, ndipo akatswiri anapeza mpata woona chimene chimachitika m'mutu mwa wachinyamata thupi lake likaleka kuyenda. Si aseminale onse amene adzapite ku Kachebere. Ambiri adzalowa m'sukulu za ukachenjede zomwezi, ndipo amene adzakhale ansembe adzalandira pa khonde la parishi anthu a mitima yolemedwa. Choncho tiyeni tiphunzire nkhaniyi modekha.

Miyezi imene zipata zinatsekedwa

Matenda a Covid-19 anayamba kumveka mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019. Pa 11 Malichi 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti matendawa asanduka mliri. Kuno kwathu, pa 20 Malichi, mtsogoleri wa dziko Pulofesa Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo kuyambira pa 23 Malichi sukulu zonse, kuchokera ku pulayimale mpaka ku yunivesite, zinatsekedwa. Pa tsikulo m'dziko muno munali musanapezeke munthu ndi mmodzi yemwe wa kachilomboka. Oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, a ku Polytechnic ku Blantyre, a ku Bunda, a ku Mzuzu, a ku MUST ku Thyolo ndi a ku Catholic University ku Nguludi anamanga katundu napita kwao osadziwa tsiku lobwerera. Sukulu zinayamba kutsegulidwa pa 7 Sepitembala, poyamba kwa olemba mayeso ndi a chaka chomaliza, ndipo ena anatsatira mu Okutobala. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso mwamphamvu, nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, ndipo sukulu zinatsekedwanso mpaka chakumapeto kwa Febuluwale.

Tikumbukire kuti dziko la Malawi silinabindikiritse anthu m'nyumba monga anachitira maiko ena. Boma linafuna kutero kwa masiku 21 mu Epulo 2020, koma Khoti Lalikulu linaletsa. Kwina zinthu zinali zolimba zedi. Ku South Africa, kuyambira pa 27 Malichi, kunali koletsedwa ngakhale kuthamanga mumsewu, mpaka pa 1 Meyi pamene anthu analoledwa kutuluka kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, osapitirira makilomita 5 kuchokera pakhomo. Ku France munthu ankaloledwa ola limodzi pa tsiku, mtunda wa kilomita imodzi, atanyamula kalata yofotokoza chimene watulukira.

Mafoni a masiku ano amatha kuwerenga kuti mwini wake waponda pansi kangati poyenda. Akatswiri a ku University of California ku San Francisco anasonkhanitsa mawerengero otere a anthu oposa 450,000 a m'maiko 187, ndipo anapeza kuti patangotha masiku 30 chilengezere mliri, kuyenda kwa anthu kunali kutatsika ndi magawo 27 mwa magawo 100.

Zimene ophunzira ananena

Kafukufuku woyambirira pa ophunzira anachitika ku China komweko, pa sukulu ya madokotala ya Changzhi. Mwa ophunzira 7,143 amene anafunsidwa, mmodzi mwa anai alionse anali ndi zizindikiro za nkhawa. Chimene chiyenera kutigwira mtima ife ndi zifukwa zake. Kuonjezera pa kuopa matenda, ophunzirawo ankavutika ndi kuchedwa kwa maphunziro ndi kusowa kwa ndalama pakhomo, ndipo amene ankakhala ndi makolo ao kapena a m'mabanja a chuma chokhazikika anali ndi nkhawa yocheperapo. Ku Texas A&M, yunivesite yaikulu ya ku America, ophunzira 138 mwa 195 anati nkhawa zao zakula chifukwa cha mliri. Ku France anafunsa ophunzira 69,054 m'miyezi ya Epulo ndi Meyi 2020. Ophunzira 11 mwa 100 alionse anavomera kuti anali ndi maganizo ofuna kudzipha, ndipo mwa onse amene anali ndi vuto lalikulu la maganizo, 12 okha mwa 100 alionse ndiwo anakaonana ndi wachipatala. Ku France madokotala ndi ambiri. Nanga kuno?

Bungwe la WHO linanena mu Malichi 2022 kuti m'chaka choyamba cha mliri matenda a nkhawa ndi matenda okhumudwa anakwera ndi magawo 25 mwa 100 pa dziko lonse, ndipo amai ndi achinyamata ndiwo anakhudzidwa koposa. Apa pali chodabwitsa. Kachilomboka kankapha kwambiri okalamba, achinyamata ambiri ankadwala pang'ono n'kuchira, komabe m'maganizo achinyamatawo ndiwo anavulala kwambiri. Munthu wa zaka 50 ali ndi munda wake, banja lake ndi dzina lake pamudzi. Mliri ukadutsa adzapitiriza pamene analekera. Wa zaka 20 zonse zili m'tsogolo, ndipo tsogololo ndi limene linaphimbika.

Tisanapitirire tiyenera kumvana mau. Pa Chichewa munthu akangotchula matenda a maganizo, ambiri amaona wamisala wotola zinyalala pa msika. Misala ndi gawo laling'ono chabe la matendawa. Matenda a nkhawa ndi pamene mantha ndi kudera nkhawa zikana kuchoka ngakhale palibe choopsa pafupi: mtima umagunda, m'manja mumatuluka thukuta, tulo sitibwera, maganizo amangozungulira pa chinthu chimodzi ngati ng'ombe yomangidwa pa chikhomo. Matenda okhumudwa ndi pamene munthu kwa milungu iwiri kapena kuposerapo akhala wachisoni tsiku ndi tsiku, zimene ankazikonda sizimkomeranso, chakudya sichilowa kapena amadya mopitirira, amatopa asanagwire ntchito, amawerenga tsamba katatu osagwirapo kanthu, ndipo amadziona ngati wopanda pake. Munthu wotere amavala bwino, amapereka moni mwaulemu, ndipo mukhoza kudya naye mbale imodzi osazindikira kanthu.

Ophunzira a ku Pittsburgh

Mwa kafukufuku yense wa nthawi imeneyi, amene ndimamuona wophunzitsa kwambiri ndi wa ku University of Pittsburgh ku America, ndipo ndikupemphani kuti tikhalepo pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti anayamba mliri usanabwere. Kuyambira mu 2019 akatswiri ankatsatira ophunzira oposa 600, atawaveka pa mkono kachipangizo konga wotchi kotchedwa Fitbit, kamene kamawerenga mayendedwe ndi tulo. Choncho mliri utafika, sanadalire kuti wophunzira akumbukire m'mene ankakhalira kale. Mawerengero anali kale m'manja.

Anapeza kuti mliri usanabwere wophunzira ankaponda pansi pafupifupi ka 10,000 pa tsiku, ndiwo mtunda wa makilomita 7 kapena 8. Sukulu itatsekedwa chiwerengerocho chinagwa kufika pa 4,600. Nthawi yocheza ndi anzao inatsika mpaka kuchepera mphindi 30 pa tsiku, pamene nthawi yoyang'ana foni, kompyuta ndi wailesi ya kanema, kupatula ya maphunziro ndi ntchito, inapitirira maola asanu. Ophunzira amene anali pa chiopsezo cha matenda okhumudwa anali pafupifupi 32 mwa 100 alionse mliri usanafike, koma anakwera mpaka 61. Ndipo amene mayendedwe ao anasokonekera kwambiri ndiwonso anali pa chiopsezo chachikulu.

Munthu wofulumira akadalekera pomwepa n'kunena kuti mankhwala apezeka: ayendetseni anawo, achira. Akatswiriwo anayesadi zimenezo. Mu Juni 2020 anagawa ophunzira m'magulu awiri mwa maere, ndipo gulu limodzi analilonjeza ndalama pang'ono tsiku lililonse limene wophunzira afikitse 10,000, kwa milungu iwiri. Ophunzirawo anayendadi kwambiri kuposa anzao. Koma atawayezanso, maganizo ao sanasinthe kwenikweni. Ndalama zitatha, kuyendanso kunatsika.

Kodi ndiye kuti masewera alibe ntchito? Iyai. Tiyeni tiganize bwino. Mapazi 10,000 a nthawi ya sukulu sanali mapazi wamba. Anali ulendo wochoka ku hositelo kupita ku kalasi limodzi ndi anzako, kupita kukadya, ku laibulale, ku bwalo la masewera, ku kwaya. M'mapazi amenewo munali macheza, munali nthawi yodzukira ndi yogonera, munali chifukwa chosambira m'mawa. Sukulu itatsekedwa zonsezi zinagwa pamodzi, ndipo kachipangizo ka pa mkono kanangoona gawo limodzi. Kubwezera mapazi okha, munthu ali yekhayekha, kwa milungu iwiri yokha, chifukwa cha ndalama, kuli ngati kubwezera nsichi imodzi pa nyumba imene denga lonse lasasuka. Awa ndi mamasuliridwe anga, koma ndikhulupirira kuti akugwirizana ndi zina zimene tione m'munsimu.

Akatswiri omwewo anayezanso ophunzira patapita chaka, mu 2021, katemera atayamba kale. Mapazi anali pafupifupi 6,300 pa tsiku, osabwererabe mwakale, ndipo pafupifupi theka la ophunzira linali likadali pa chiopsezo cha matenda okhumudwa. Chizolowezi chimatha msanga koma chimachedwa kumera.

Kodi thupi limathandiza bwanji maganizo?

Pali funso limene wophunzira wochenjera ayenera kufunsa. Tikaona kuti anthu osachita masewera ndiwo okhumudwa kwambiri, chinayamba n'chiti? Mwina munthu anayamba wakhumudwa, mphamvu zinatha, ndiye analeka mpira. Zimenezi zimachitikadi. Pofuna kusiyanitsa, akatswiri amatenga anthu amene ali bwinobwino n'kuwatsatira zaka zambiri. Ku Norway anatsatira anthu pafupifupi 34,000 kwa zaka 11, onse opanda matenda a maganizo poyamba, ndipo anawerengera kuti 12 mwa 100 alionse amene anadwala matenda okhumudwa akadapewa akadachita masewera ngakhale ola limodzi lokha pa mlungu. Mu 2022 akatswiri a ku Cambridge anaphatikiza zofufuza 15 za anthu oposa 190,000. Amene ankayenda mwandawala maola awiri ndi theka pa mlungu, kapena kuchita zofanana nazo, chiopsezo chao chinali chotsika ndi magawo 25 mwa 100 poyerekeza ndi ongokhala. Amene ankachita theka la zimenezo, chinatsika ndi magawo 18. Taonani kuti phindu lalikulu lili poyambirira penipeni, pamene munthu wangochoka pa mpando. Safunika kukhala katswiri wa liwiro.

Nanga kwa amene wadwala kale? Mu 1999 madokotala a ku Duke University anagawa odwala matenda okhumudwa 156, onse a zaka 50 kapena kuposa, m'magulu atatu: ena masewera, ena mankhwala, ena zonse ziwiri. Patatha milungu 16 magulu onse atatu anali atapeza bwino mofanana, ngakhale kuti a mankhwala anayamba msanga kuona kusintha. Mu 2024 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wophatikiza zoyesa 218, ndipo inaonetsa kuti kuyenda, kuthamanga ndi masewera olimbitsa minofu zimachepetsadi matendawa. Kuvinanso kunaoneka kothandiza, ngakhale zoyesa zake zinali zochepa. Ife a dziko la beni, malipenga, chioda ndi ingoma tisaione nkhani imeneyi ngati yachilendo.

M'thupimo mumachitika zotani? Munthu akaona choopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, mpweya umafulumira, minofu imakungika, kukonzekera kuthawa kapena kulimbana. Mlenje akakumana ndi njati amathamanga, akwera mumtengo, njati ipita, ndipo thupi limabwerera m'malo mwake. Koma mantha a mliri, a fizi, a digiri yosatha, sathawika ndi miyendo. Thupi limakhala lokungika usana ndi usiku munthu ali chikhalire pa mpando. Masewera amapatsa thupi ntchito imene lakonzekerayo, ndipo pambuyo pake limamasuka. Munthu wozolowera kuthamanga amazoloweranso kumva mtima ukugunda osachita nao mantha, ndipo zimenezi zimathandiza a nkhawa. Palinso timadzi tina totchedwa endorphin timene timachepetsa ululu, ndiponso chinthu china chotchedwa BDNF chimene chimathandiza ubongo kumanga ndi kusunga njira zake. Zambiri za ichi zinapezeka poyesa mbewa, ndipo akatswiri akufufuzabe kuti chimagwira ntchito yaikulu bwanji mwa anthu.

Koma zina sizifuna dzina la Chingerezi. Wotopa ndi mpira amagona msanga, ndipo tulo tabwino ndi mlonda wamkulu wa maganizo. Wotuluka panja m'mawa amalandira kuwala kwa dzuwa, kumene kumauza thupi nthawi yodzuka ndi yogona. Wobindikira m'chipinda ndi foni mpaka 2 koloko usiku amasokoneza wotchi ya m'thupi imeneyi. Ndiponso mpira ukamabwera kumaso kwako sungaganize za ngongole ya bambo ako. Kwa ola limodzi ng'ombe ija imamasulidwa pa chikhomo.

Khasu ndi mpira

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa wina anena kuti, "Izi ndi za azungu okhala m'nyumba zosanja. Mwana wathu atabwera kuchokera ku Chancellor College anapeza chimanga chikudikira kukololedwa." Ndi zoona. Sukulu zinatsekedwa kumapeto kwa Malichi, ndipo Epulo, Meyi ndi Juni ndi miyezi yokolola, yotuta, yotong'ola ndi yopita ku chigayo. Mtsikana wa ku yunivesite akafika pakhomo, ndowa ndi mtondo sizifunsa kuti ali chaka chachingati. Kafukufuku wa WHO wa mu 2018 anaonetsa kuti maiko a Uganda ndi Mozambique ndiwo anali ndi anthu ongokhala ochepetsetsa pa dziko lonse, osakwana 6 mwa 100 alionse, pamene ku Kuwait anali 67. Thupi la wophunzira wa kumudzi silinagone ai. Wa m'tauni, wa ku Ndirande kapena ku Area 25, wogona chipinda chimodzi ndi abale ake, ndiye anafananako ndi anzake a ku Pittsburgh.

Komabe thukuta silifanana. Mu 2017 akatswiri a ku Australia anaphatikiza zofufuza 98 pofuna kuona ngati mtundu wa ntchito ya thupi uli ndi kanthu. Anapeza kuti masewera a nthawi yopuma, ndi kuyenda pansi kapena pa njinga popita kwina, zimayendera limodzi ndi maganizo abwino. Ntchito za pakhomo sizinaonetse phindu lililonse pa maganizo, ndipo ntchito yolemetsa ya ganyu kapena ya pa kampani inkayendera limodzi ndi kuvutika maganizo. Zambiri mwa zofufuzazo zinachitika m'maiko olemera, choncho tisazimeze zonse osatafuna. Mlimi wolima munda wake ndi ana ake, akuona chimanga chikubereka, sali ngati wonyamula matumba a eni ake. Koma mfundo yake ndi yomveka: chimene munthu wachisankha yekha, chimene akukondwera nacho, chimene akuchita ndi anzake, chimafika mumtima kusiyana ndi chimene wakakamizidwa. Pano ndinong'oneze aphunzitsi ndi akapitawo: chikwanje cha chibalo sichichiza nkhawa, ndipo mnyamata amene amazungulitsidwa bwalo kasanu chifukwa chochedwa m'kalasi akuphunzira kudana ndi kuthamanga moyo wake wonse.

Wophunzira wa kumudzi uja analinso ndi katundu wina amene khasu silikadamtula. Mayunivesite ena anayesa kuphunzitsa kudzera pa intaneti, koma kalembera wa 2018 anali ataonetsa kuti m'dziko muno ndi banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi khumi limene limaunikira ndi magetsi a m'mawaya. Foni yofuna kutchajitsa ku sitolo, bandulo yodula, netiweki yopezeka pa chulu: wophunzira ankadziwa kuti anzake a m'tauni akupita patsogolo iye ali m'munda. Onjezanipo funso la achibale a zolinga zabwino, "Kodi mumaliza liti?", limene iye analibe yankho lake. Pamudzi ponse panalibe wina wodziwa chimene kutaya chaka cha maphunziro kumatanthauza. Munthu akhoza kukhala pakati pa abale khumi n'kukhalabe yekha.

Muyezo wake

Mu Novembala 2020, mliri uli pakati, bungwe la WHO linatulutsa malangizo atsopano. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa achite masewera apakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena amphamvu mphindi 75 mpaka 150, ndipo masiku awiri pa mlungu alimbitse minofu. Wa zaka 5 mpaka 17 afikitse mphindi 60 pa tsiku. Masewera apakatikati ndi amene ukuchita ukhoza kulankhula koma sungaimbe nyimbo, monga kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga. Amphamvu ndi amene ngakhale kulankhula kumavuta. Mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu, zakwana kale muyezo wa munthu wamkulu.

Aseminale mumaufikitsa muyezo umenewu osadziwa n'komwe, chifukwa ndondomeko ya tsiku inakukonzerani kale: nthawi yodzuka, ya ntchito zamanja, ya masewera, yozimitsa magetsi. Ku yunivesite kulibe wokuitanani. Palibe amene adzakufunseni mukagona mpaka 11 koloko kapena mukakhala Loweruka lonse pa bedi ndi foni. Zimene mliri unachita mwadzidzidzi kwa ophunzira onse, ufulu wa chaka choyamba umachita pang'onopang'ono kwa mmodzimmodzi. Ndiye amene akupita kumeneko alowe timu kapena gulu lovina m'milungu yoyambirira, asanazolowere kukhala, ndipo apangane ndi mnzake tsiku ndi ola, pakuti n'kosavuta kudzinamiza wekha koma n'kovuta kusiya mnzako akudikira pa geti. Masiku a mliri kapena a mvula, chingwe cholumpha chimakwana pa khonde, ndipo awiri akhoza kuyenda limodzi panja motalikirana, pakuti kachilombo ka mtundu wa Covid-19 kamafala kwambiri m'zipinda zopanda mpweya kusiyana ndi pabwalo. Chenjezo limodzi: amene thupi latentha, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu, apume mpaka achire, ayambirenso pang'onopang'ono, ndipo akamva kupweteka pa chifuwa kapena kubanika kwachilendo aleke n'kupita ku chipatala.

Pamene mpira sukwanira

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma matenda a maganizo analipo mliri usanabwere ndipo sanapite nao. Mu 2020 apolisi a dziko lino ananena kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti chiwerengero cha anthu odzipha chinakwera ndi magawo 57 mwa 100 poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, ndipo ochuluka zedi anali amuna. Zifukwa zinali zambiri, monga ngongole, kutha kwa ntchito ndi mavuto a m'banja. Koma magazini ino imawerengedwa ndi anyamata amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye chiwerengero chimenechi chikutikhudza.

Masewera amateteza ndipo amathandiza kuchira, koma munthu amene matenda amugwira kwambiri sangathe ngakhale kudzuka pa mphasa. Kumuuza kuti "ingopita ukathamange" kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti ayende kuti achire. Kumunena kuti ndi waulesi, kuti walodzedwa, kapena kuti chikhulupiriro chake chachepa, kumangomuonjezera manyazi. Abambo athu ansembe, anthu ambiri amafika kwa inu asanaganize n'komwe za chipatala, ndipo mau anu akuti "awa ndi matenda, ndipo amachizika" akhoza kutsegula njira imene achibale anaitseka. Thandizo lilipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo pa chipatala cha boma cha m'boma lanu mukhoza kufunsa namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo.

Sikuti thandizo lonse limafuna dokotala wamkulu. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, Dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka mankhwala ndipo salalikira. Amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi, ndi kupeza chimene angachite mlungu umenewo. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2016 zinaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, amene anakhala pa benchipo anali bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse.

Inu makolo, mwana akabwera ku tchuthi n'kumadzitsekera m'chipinda, osafunanso mpira umene ankaukonda, osadya bwino, ndipo zapitirira milungu iwiri, musayambe ndi kukalipa. Mutengeni mupite naye ku dimba kapena ku msika wapansi. Anyamata ambiri amamasuka kulankhula akuyenda pambali pa munthu kusiyana ndi atakhala moyang'anizana. Ndipo inu aseminale, mnzanu akanena mau onga akuti "bola ndikadafa" kapena "posachedwa simudzandionanso", musaseke ndipo musamulonjeze kusunga chinsinsi. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Akatswiri anafufuza ndipo anapeza kuti funso limeneli siliika maganizowo mwa munthu, koma nthawi zambiri limampepuza. Akavomera, musamusiye yekha. Uzani Bambo Rekitala, mphunzitsi kapena kholo tsiku lomwelo, mankhwala oopsa a kumunda ndi ena otere atsekeredwe kutali, ndipo popita ku chipatala wina amperekeze mpaka alowe m'chipinda cha dokotala.